Ana apite ku Chirunga, kapena zipangizo ziwatsate kumudzi?

Masukulu ambiri a CDSS kuno ku Zomba alibe labu, komabe mwana wa Fomu 4 amayembekezeka kulemba mayeso a MSCE a sayansi ochita ndi manja. Mwana wotereyu tingamuthandize m'njira ziwiri.

Yoyamba n'kutsekula chipinda cha zopangapanga, chija amati makerspace, pa University of Malawi ku Chirunga, kuti ana asukondale azilowamo Loweruka kapena patchuthi. Ubwino wake ndi waukulu. Makina ngati 3D printer, aja oumba zinthu zogwirika potsatira chojambula cha pakompyuta, amafuna magetsi okhazikika komanso munthu wodziwa kuwakonza, ndipo zotere n'zosavuta kuzipeza payunivesite. Chinanso chimene chimandikhudza mtima n'chakuti mtsikana amene sanapondepo pakoleji amaona mnzake wamkulu akulumikiza mawaya, n'kuyamba kukhulupirira kuti nayenso angathe. Vuto ndi mtunda. Wa ku Matawale kapena Chinamwali afika msanga, koma wa ku Chingale kapena pachilumba cha Chisi adzaipeza kuti ndalama yoyendera?

Yachiwiri n'kunyamula zipangizo m'bokosi kupita nazo kumasukuluko: mabatire, mababu, timagalimoto ta pulasitiki, Arduino (kakompyuta kakang'ono koyendetsera zipangizo zamagetsi) ndi kasola kakang'ono. Izi zimafikira ana ambiri pamtengo wochepa, kungoti alendo akachoka, bokosi lija limatha kungokhala muofesi ngati mphunzitsi sanaphunzitsidwe kuligwiritsa ntchito.

Ine ndingayambe ndi yachiwiriyi, ophunzira a payunivesite aziperekeza bokosilo teremu iliyonse, kenako ana amene aonetsa chidwi aziitanidwa ku Chirunga, mayendedwe awo atalipiridwa.