Drakensberg kapena Mpumalanga: banja lipite kuti kuchokera ku Joni?

Disembala akamayandikira, abale omwe akubwera kudzacheza kuno ku Joni amafunsa chinthu chimodzimodzi: ana tiwatengere kuti akaone mapiri ndi nyama? Malo amene amatchulidwa kawirikawiri ndi awiri, Mpumalanga ndi Drakensberg. Konseko ndinafikako ndi banja langa, ndipo ndineneretu kuti mbali ndili nayo.

Za msewu tisatayepo nthawi. Ku Graskop, tauni ya ku Mpumalanga, mumadzera msewu wa N4, ku Royal Natal, paki ya ku Drakensberg, mumadzera N3 mpaka ku Harrismith, ndipo konse kuli ma toll. Drakensberg ndiyo ili pafupiko.

Pa nkhani ya nyama, Mpumalanga ilibe mnzake, chifukwa Kruger, paki yaikulu ya nyama zakutchire, ili pomwepo. Mukagona m'tauni ya Hazyview, geti la Phabeni lolowera ku Kruger lili pafupi, ndipo m'mawa womwewo ana atha kuona njovu, njati ndi akadyansonga ali phee m'galimoto. Mkango ndi mwayi. Ku Drakensberg mukaona ntchefu, anyani, ndi mbidzi ngati mwadzera ku paki ya Golden Gate, basi. Mwana amene mwamulonjeza mkango musapite naye kumeneko, akukwiyirani mpaka Pasaka.

Tsono ndalama. Apa ndi pamene pali chilonda changa. Ku Mpumalanga tinapita ndi kampani ina yonyamula alendo, yomwe inalemba pa chithunzi chake kuti mtengowo ndi wa zonse. Zonsezo kunali kunena minibasi, pogona ndi kadzutsa. Titafika pa geti loyamba dalaivala anangozimitsa injini, kutembenuka, n'kuti, "Zolowera ndi zanu, bambo." Msewu umene amautcha Panorama Route si malo amodzi olipira kamodzi ayi. God's Window ili ndi geti lake, Bourke's Luck Potholes lake, Three Rondavels lake, ndipo chikepe chotsikira m'chigwa ku Graskop nacho n'cholipira pachokha. Paliponse amawerenga mitu. Banja lachimalawi lija, pali agogo, pali alamu, pali mwana wa achemwali amene sitikanamusiya, geti lililonse chikwama chinkapepuka.

Ku God's Window tinalipira, kukwera masitepe aja, kufika pamwamba n'kupeza nkhungu yokhayokha. Ngakhale mtengo umene unali pafupi ndi chitsulo chotchingira sunkaoneka bwino. Nkhungu si mlandu wa munthu, nyengo yamvula imatero kumeneko. Koma woyendetsa ulendo wodziwa ntchito akanayamba ndi malo ena n'kudzabwerera kukayera. Wathuyu ankangoyang'ana wotchi.

Choŵaŵa kwambiri chinali pa Kruger. Ndalama yolowera imalipidwa munthu aliyense, tsiku lililonse, ndipo mitengo ilipo itatu: ya nzika ndi okhazikika mu South Africa, ya anthu a m'mayiko a SADC, ndi ya alendo ochokera kwina konse. Malawi ili mu SADC, choncho mtengo wathu ndi wapakatiwo, koma umboni wake ndi pasipoti ili m'manja. A kampani aja sanatchule zimenezi ngakhale kamodzi, ndipo mapasipoti a apongozi ndi alamu anatsala kumalo ogona. Analipira mtengo wa alendo a kutali, womwe ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri. Apongozi anangoti, "Ndiye kuti lero ndife azungu, bambo a Chisomo?" Tinaseka, koma amene anatulutsa khadi ndine.

Ku Drakensberg nako kulowa si kwaulere, koma ku Royal Natal mumalipira pa geti kamodzi n'kukhala tsiku lonse. Mumanyamula nkhuku yanu, mpunga wanu ndi makala, ana n'kumasewera m'madzi ku Cascades, njira yake ndi yaifupi ndithu. Kutsogolo kwanu kuli Amphitheatre, khoma la mwala lotambalala pafupifupi makilomita 5, ndipo kuchokera pamwamba pake mathithi a Tugela amagwa mamita oposa 900. Amene munakulira ku Mulanje kapena ku Phalombe mtima ukhala pansi msanga, chifukwa phirilo limakuyang'anani ngati Chambe, kungoti khoma lake ndi lotambalala kwambiri. Derali linalowa m'gulu la malo otetezedwa a UNESCO mu 2000, osati chifukwa cha mapiri okha komanso zojambula za anthu a mtundu wa San m'mapanga, monga za ku Giant's Castle. Ana asukulu zimenezi zimawagwira mtima kuposa mmene mungaganizire.

Vuto lake ndi miyendo. Zokongola zambiri ku Drakensberg zimafuna kuyenda pansi, ndipo njira yopita ku Tugela Gorge imadya tsiku lathunthu. Agogo a mawondo oŵaŵa atsala pa mkeka akulondera mapoto. Ku Mpumalanga galimoto imakufikitsani pafupi ndi poonera penipeni, ndipo chigwa chachikulu cha Blyde River Canyon mukachiona kunja kutayera, zonse ndadandaulazi mumayamba mwaiŵala. Komanso mvula yamabingu ya masana m'mapiri a Drakensberg si yoseŵera nayo, nyamukani m'mamaŵa kuti pofika 2 koloko mukhale mwatsika. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madzi kuundana, majuzi a ku Dedza sakwanira. Sani Pass, yokwera kuloŵa ku Lesotho, imafuna galimoto ya 4x4 ndi pasipoti, ndipo ili kum'mwera, kutali ndi Royal Natal. Musaiphatikize pa ulendo wa masiku ochepa.

Malungo ali ku Kruger, ku Drakensberg kulibe. Ana obadwira ku Joni alibe kuzoloŵera kumene ife timadzitama nako, muwafunsire mankhwala musananyamuke.

Ngati muli ndi okalamba komanso ana ofuna njovu, pitani ku Mpumalanga, koma pa galimoto yanu kapena yobwereka, mapasipoti onse ali m'chikwama chimodzi, ndipo musankhe mageti awiri okha pa Panorama Route. Wokugulitsani ulendo mumufunse alembe pa WhatsApp kuti zolowera alipira ndani. Ine ndi ana anga, poti tsopano akula ndipo amatha kuyenda, chaka chino tikubwerera ku Royal Natal.