Ndemanga: makalasi a Loweruka a oligopoly ku Luwinga, nyenyezi 4 mwa 5

Makalasiwa ndi a ophunzira zachuma amene akuvutika ndi mutu wa oligopoly, msika wa makampani ochepa omwe iliyonse imaponya phazi ikuyang'ana inzake. Amachitika Loweruka m'mawa kufupi ndi Mzuni, ndipo manotsi amapereka ofotokopa.

Chomwe aphunzitsiwa achita bwino n'kugwiritsa ntchito msika umodzi womwewo pa njira zonse: P = 100 − Q (P ndi mtengo, Q ndi kuchuluka kwa katundu yense pamsika), ndipo kupanga katundu mmodzi kumadya 10. Kampani ikakhala yokha imapanga 45 n'kugulitsa pa 55. Akakhala awiri, onse n'kusankha kuchuluka kwa katundu nthawi imodzi monga analembera Cournot mu 1838, iliyonse imapanga 30, mtengo umatsika kufika pa 40, phindu 900 pa kampani. Akamalimbana pa mtengo, njira ya Bertrand ya 1883, mtengo umagwera pa 10 penipeni, phindu osatsala. Kwa Stackelberg, 1934, yoyamba kusankha imapanga 45, yotsatira 22.5, mtengo 32.5. Manambala akaikidwa pabolodi limodzi chonchi, za kuloweza zimatha.

Phunziro la cartel ndiye lokoma zedi. Awiriwo akapangana mseri kupanga 22.5 iliyonse, phindu limakwera kufika 1,012.5 pa kampani. Koma imodzi ikazembera n'kupanga 33.75, mtengo umatsikira pa 43.75, iyo n'kupata pafupifupi 1,139 pamene inzake yokhulupirika yatsala ndi pafupifupi 759. N'chifukwa chake mapangano otere sachedwa kutha, pokhapokha ngati makampaniwo akumana pamsika chaka ndi chaka ndipo wozembera akudziwa kuti abwezeredwa.

Nyenyezi imodzi tawachotsera pa zifukwa izi. Pa pepala la mayankho, funso la Cournot alilakwitsa: alemba MR = 100 − 2Q m'malo mwa MR = 100 − 2q1 − q2 (MR ndi ndalama yoonjezereka ukagulitsa katundu mmodzi winanso, q1 ndi katundu wa kampani yako, q2 wa inayo). Katundu wa kampani inayo sachulukitsidwa kawiri, chifukwa si iwe umene ukumusankha. Mukatsata pepalalo mupeza 45 ndi 55, yankho la monopoly, kampani ikakhala yokha ija, ndipo pamayeso malikisi onse a funsolo apita.

Chitsanzo cha mafilingi sitesheni nachonso sichikugwira. Manotsi akuti mitengo ya mafuta imafanana chifukwa cha kinked demand curve ya Sweezy ya 1939 (ganizo loti ukatsitsa mtengo anzako amatsitsanso, koma ukakweza sakutsatira), pomwe kuno mtengo wa petulo ndi dizilo limalengeza ndi bungwe la MERA. Airtel ndi TNM aitchula mwapatalipatali, chikhalirecho ndiwo msika wa awiri umene aliyense m'kalasimo ali nawo m'thumba. Chodabwitsa n'chakuti okushoni ya fodya ili mu Mzuzu momwemuno, alimi ambirimbiri kugulitsa kwa makampani owerengeka monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI, koma za oligopsony, msika wa ogula ochepa wotere, sanazikhudze n'komwe. Ntchito ya CFTC, bungwe loletsa makampani kupangana mitengo, yangopatsidwa mizere iwiri.

Ngati differentiation ya mu calculus simunaigwire, yambani mwaibwereza musanalembetse, chifukwa reaction function, yosonyeza zomwe kampani ingapange potengera zomwe inzake yapanga, amaipeza pabolodi mothamanga ndipo sabwerera m'mbuyo. Tengani kakyuleta, ndipo khalani kutsogolo: tizilembo ta q1 ndi q2 sitioneka mukakhala kumbuyo.