Kashopu ka makompyuta ku Fordsburg: mafayilo anga sanatseguke, koma ndidzapitakonso

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yotumiza katundu wa anthu kumudzi. Mafiriji, njinga, mabulangete, zikwama za zovala, zonse ndimalandira n'kulemba, Lachisanu thiraki n'kunyamuka kudzera pa Beitbridge ndi Nyamapanda mpaka kukalowera pa Mwanza. Dzina la mwini katundu, la wokalandira ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndalama zimene wapereka ndi zimene zatsala, zonsezi zinkakhala mu laputopu imodzi yokalamba.

Lolemba lina m'mawa ndikuti nditsegule, palibe fayilo yotseguka. Iliyonse yamera mchira wa zilembo zinayi kumapeto kwa dzina, ndipo m'foda iliyonse muli kakalata kotchedwa _readme.txt. Mbava zake zaulemu bwanji! Akuti ndisadandaule, zonse zibwerera, mtengo wake ndi $980, koma ndikawalembera pasanathe maola 72 andichotsera theka, ndipereke $490. Mpaka banyira analipo: fayilo imodzi anditsegulira ulere kuti ndione kuti sakunama. Ndinawalemberadi, sindibisa. Anayankha msanga kuposa makasitomala anga angongole, ndi malangizo oti ndilipire pa Bitcoin, ndalama ya pa intaneti. Nditawerengera, inali pafupifupi R9,000.

Gwero lake linali m'nyumba momwemo. Mwana wa mlongo wanga ankafuna kundipangira chithunzi chotsatsira malonda, ndiye anakatenga pulogalamu yogulitsa pa webusaiti ina yomwe imagawa zoterezi ulere. Zaulerezo zinabwera ndi mlendo.

Ndinayamba ndapita pa shopu ina m'tauni, cha ku Small Street. Mkulu wake sanayatse n'komwe laputopuyo, anangoti R6,000, ndibwere mawa. Mtima unakana. Mnzanga wina wa ku Mayfair ndi amene anandilozera kashopu ka ku Fordsburg, kufupi ndi Oriental Plaza, komwe kumagwira ntchito mnyamata wina wakwathu wa ku Zomba.

Malo ake si oti mungatengereko mlendo. Kachipinda kopanikizika, mpando wa kasitomala umodzi, mafoni osweka ali mbwee pa kauntala. Koma chimene anachita mnyamatayu m'mphindi khumi zoyamba ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Asanayatse anandifunsa kuti, "Madala, kuchokera pamene zinachitika mwalowetsamo flash iliyonse?" Atayatsa anathimitsa Wi-Fi nthawi yomweyo. Anakopera kakalata kaja ndi fayilo imodzi yotsekeka, n'kukazifufuza pa kompyuta yake pa webusaiti ya ID Ransomware ndi pa No More Ransom, webusaiti imene inakhazikitsidwa mu 2016 ndi Europol (bungwe la apolisi a ku Ulaya), apolisi a ku Netherlands ndi makampani a chitetezo cha makompyuta, yomwe imapereka ulere zida zotsegulira mitundu ina ya ransomware, vairasi yotseka mafayilo n'kumafuna dipo. Yanga inapezeka kuti ndi STOP/Djvu, mtundu umene umakonda kubisala m'mapulogalamu akuba ngati omwe aja.

Kenako anandilozera mzere wotsiriza wa kakalatako, pomwe pali zilembo ndi manambala ambirimbiri. Akuti vairasiyi ikalephera kulankhula ndi eni ake pa intaneti, imatseka ndi kiyi imodzi yofanana kwa anthu ambiri, ndipo nthawi zambiri mzerewo umathera ndi t1. Pamenepo mwayi umakhalapo, chida chaulere cha kampani ya Emsisoft chimatha kutsegula ngati kiyiyo inapezeka kale. Koma ikalankhula nawo, imakupangira kiyi yakoyako, yomwe imasungidwa ndi mbavazo basi. Tinawerama tonse awiri, chala chake chili pa sikirini. Wanga sunathere ndi t1.

"Madala, sindikunamizani. Awa sinditsegula, ndipo amene akukuuzani kuti atsegula, ndiye kuti akawalipira anthu omwewo mwamseri, inu n'kukuikirani zake pamwamba."

Ndinamufunsa ngati ndingolipira. Sanandiletse mokalipa, anangondifotokozera. Bitcoin ikapita yapita, palibe ofesi yokadandaulako ngati mmene timachitira tikalakwitsa nambala pa Airtel Money. Kayendedwe kake kamaoneka poyera pa blockchain, kaundula wa Bitcoin wa pa intaneti, aliyense atha kuona kuti ndalama zachoka apa zapita apo, koma dzina la munthu palibe. Anatchula za Colonial Pipeline, kampani ya mapaipi a mafuta ku America, omwe mu 2021 analipira mbava zoterezi ma Bitcoin 75, a FBI n'kukabwezako 63.7. "Koma inu madala, a FBI angadzuke chifukwa cha R9,000 yanu?" Ndinaseka ngakhale m'mimba munali mukutentha.

Tinachezanso za kwathu. Mu February 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti ku Malawi inaima, ndipo a Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti akufuna dipo koma boma silipereka. Kuno nako, mu July 2019 ransomware inagwira City Power, kampani ya magetsi ya mzinda uno, anthu n'kumalephera kugula mayunitsi a magetsi, ndipo mu October chaka chomwecho gulu lina linauza khonsolo ya Johannesburg kuti ipereke ma Bitcoin 4, khonsolo n'kukana. Zinanditonthozako pang'ono, ngakhale khonsolo ili ndi akatswiri ake pamene ine ndili ndi mwana wa mlongo wanga.

Ntchito yeniyeni inali yotolera zotsalira. Anachotsa disiki n'kusakamo mafayilo akale omwe anafufutidwa, anapezako zithunzi zingapo ndi makalata awiri atatu. Chachikulu chinachokera pa funso lake lakuti kodi ndinatumizirapo munthu kaundula wangayo. Ndinakumbuka kuti masabata atatu m'mbuyomo ndinatumizira dalaivala pa imelo. Analipo, wathunthu. Za masabata atatu otsalawo ndazitolera ndekha m'buku la malisiti ndi m'mauthenga a pa WhatsApp. Anandikakamizanso kusintha mapasiwedi onse, wa imelo, wa ku banki, wa Facebook, ndikugwiritsa ntchito foni osati laputopu, chifukwa akuti vairasiyi imakonda kubwera ndi inzake yoba mapasiwedi. Zimenezo pandekha sindikanaziganiza. Windows anaikamo yatsopano, mafayilo otsekeka aja n'kundisungira padera, kuti mwina tsiku lina kiyi idzapezeka.

Zodandaula zilipo, ndipo ndizinena. Anati Lachitatu, ndinakatenga Loweruka, thiraki itanyamuka kale ine ndikulemba pamanja ngati kale. Foni sayankha, ukaimba katatu amakutumizira kachala kokweza m'mwamba basi. Lisiti mpaka uchite kupempha. Hard drive yosungirako zinthu anandigulitsa R1,150, ndipo ndaiona yotsikirapo m'mashopu ena. Ntchito yake anatchaja R1,200, imeneyo sindikudandaula ngakhale pang'ono. Ngati muli pachangu kapena mumafuna malo okhala ndi sofa, kumeneko mukakhumudwa. Ngati mwagwidwa ndi ransomware ndipo mukufuna munthu woti akuuzeni zoona musanataye ndalama, pitani, ndipo musafufute kakalata ka mbavazo musanafike.

Pano Lachisanu lililonse thiraki ikangotuluka, ndimalumikiza hard drive ija, kukopera kaundula, kuizula n'kuitsekera m'dirowa. Anandichenjeza kuti ikakhala yolumikizidwa nthawi zonse, nayonso idzatsekeredwa limodzi.

Chatsala ndi nkhani ya firiji ya mayi wina wa ku Turffontein. Iwo akuti anamaliza kulipira, ine ndikukumbuka kuti panatsala R700, ndipo tsamba la lisiti la tsiku limenelo silikuoneka. Firijiyo inafika kale ku Ndirande.