Sola ya pa holo ya m'mudzi: ngongole, mphatso kapena kusonkha?

Makomiti a maholo ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amangofunsa chimodzimodzi: ndalama za sola tizipeza kuti? Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi cha Tete, koma mawaya a EDM, kampani ya boma ya magetsi, sanafike m'midzi yambiri. Njira zilipo zitatu.

Sola ya ngongole, yolipira pang'onopang'ono pa M-Pesa kapena e-Mola, ndi ya panyumba: mababu ochepa, wailesi, mwina TV. Pa holo imachepa, ndipo mukachedwa kulipira bokosi limadzitseka lokha. Anthu amachedwa mu Januwale ndi Febuluwale, ndalama zitapita ku feteleza. Isiyeni.

Mphatso ya mabungwe ndiyo imakopa, komanso ndiyo imapweteka. Amabweretsa mapanelo abwino, inveta (yosintha magetsi a m'batire kuti ayendetse zipangizo za m'nyumba), mabatire, n'kujambula zithunzi. Panelo limagwira zaka zoposa 20, koma batire la asidi silipirira choncho, ndipo pepala la mphatso kawirikawiri silinena yemwe adzagule lachiwiri. Batire la 12V 200Ah limasunga ma Wh 2,400 (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola), koma muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha. Mababu 6 a 10W kwa maola 5, TV ya 60W kwa maola 4 ndi mafoni 20 zatha kale ma Wh oposa 700. Wina akalumikiza firiji kapena ayironi, batire limatsitsidwa mpaka pansi usiku uliwonse, n'kufa msanga. Kutentha kumawonjezera: kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 kupitirira 25, moyo wa batire la asidi umatsika ndi theka. Ganizirani kachipinda ka malata ku Moatize mu Okutobala! Batire likafa, pulojekiti idatsekedwa kalekale, mapanelo amangowala padenga holo ili mumdima.

Mphatso musaikane ayi. Koma pemphani batire la lithiamu, lomwe limalola kugwiritsa ntchito mpaka 80% ya magetsi ake, kontirola (yowongolera magetsi ochoka ku mapanelo kupita ku batire) ya mtundu wa MPPT, fuzi pakati pa batire ndi inveta, ndiponso kuti aphunzitse wachinyamata wa pomwepo kukonza. Zilembedwe musanasaine.

Kusonkha, kaya mwa xitique (chipereganyu) kaya pa thumba la chimanga kapena mbatatesi banja lililonse pokolola, kumachedwa, koma ndiyo njira imene ine ndingasankhe. Yambani ndi mapanelo awiri a 300W, batire limodzi ndi waya wonenepa. Kontirola gulani yaikulu kuti mudzawonjezere mapanelo. Mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri pafupifupi 15, ndipo m'chilimwe azipukutidwa fumbi sabata iliyonse. Musaphatikize batire latsopano ndi lakale, lakalelo limakoka linzake.

Ubwino wa kusonkha ndi woti amene asonkha amakalipira wolumikiza ayironi. Mukamatchajitsa mafoni 20 patsiku pa 10 meticais, ndi 6,000 pamwezi. Ndalamazo zikhale pa akaunti yosiyana, osaina awiri, zisakhudzidwe ngakhale pagwe maliro, kufikira batire litafuna kusinthidwa.