Balere wachisanu wa ku Ulaya ndi balere amene timalima kuno

Anzanga a ulimi wamthirira, dzina lisatipusitse. Chaka chatha alamu anga ku Chongwe anapatsidwa kambewu pang'ono ka balere wachisanu wochokera ku Ulaya. Iwo amvekere, "Si nafenso timadzala m'chisanu?" Anafesa mu Meyi pambali pa tirigu. Anamera bwino, anachita mphukira zambirimbiri, munda n'kubiriwira ngati kapinga. Koma pofika Ogasiti, tirigu atatulutsa kale ngala, balere uja anali masamba okhaokha, ngala imodzi apa, ina uko.

Mbewu ija sinali yoola ayi. Kwawo, monga ku Germany ndi ku England, balere ameneyu amafesedwa mu Seputembala kapena Okutobala, amagonera m'munda chisanu chonse, n'kudzakololedwa mu Julayi. Kuti abereke ayenera kuzizidwa kaye masabata angapo pa madigiri osakwana 10. Ku Lusaka kuno, mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira ndithu, koma masana kumafunda kupitirira madigiri 20, ndiye mbewuyo imangodikira chisanu chimene sichifika. Kwawoko ndi mbewu yodalirika, imabereka kwambiri, ndipo yochuluka, makamaka ya mizere 6 pangala, imathera ku chakudya cha nkhumba ndi ng'ombe.

Amene amalimidwa pansi pa mapivoti (makina othirira oyenda mozungulira) ku Mkushi ndi ku Chisamba ndi wina, uja ku Ulaya amamudzala chisanu chikatha. Iyeyu sadikira kuzizidwa. Mukafesa mu Meyi, pofika Seputembala kapena Okutobala mwakolola, mvula isanagwe. Ofulula mowa amafuna wa mizere iwiri chifukwa njere zake ndi zonenepa komanso zofanana kukula, ndipo a Zambian Breweries ali ndi fakitale yopangira chimera ku dera la mafakitale lotchedwa Lusaka South MFEZ.

Pamene ambirife ozolowera tirigu timagwa ndi pa feteleza. Mukachulutsa yuriya, mapuloteni amakwera m'njere, mapesi amagona pansi, opanga chimera n'kukana katundu wanu. Kwa tirigu wa buledi mapuloteni ochuluka ndi ndalama, kwa balere wa chimera ndi kuluza. Njerezo ziyeneranso kufika kufakitale zili zamoyo, zoti zimere zikaviikidwa, choncho musamaziumitse ndi kutentha kwambiri.

Ine ndimadzala wachiwiriyu, ndipo sindigula mbewu ndisanagwirizane ndi wogula. Alamu anga aja anamweta munda wawo n'kudyetsa ng'ombe.