Pedersen kapena Moulton: yoti n'kugula ndi iti?

Anzanga okonda njinga zamakedzana, makamaka inu a ku Britain komwe zimapezekabe, mkangano wa Pedersen ndi Moulton mumaudziwa. Njinga zonse ziwirizi zinakana felemu tinaizolowera ija, koma aliyense mwa eni akewo chinamuwawa n'chosiyana.

Mikael Pedersen, wa ku Denmark, chinkamusowetsa mtendere ndi chishalo. Ndiye anayambira pomwepo: analuka chishalo cha zingwe cholendewera, chomangidwa kutsogolo pafupi ndi handulo ndiponso kumbuyo, kenako n'kupanga felemu yoti ichigwire. Felemuyo ndi timapaipi topyapyala toyenda tiwiritiwiri, tolumikizana m'makona atatu ngati zitsulo za mlatho. Zinayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1890 m'tauni ya Dursley ku Gloucestershire. Ukakwera umakhala msana uli njo, chishalo n'kumagwedezeka nawe limodzi, mabampu osakupweteka. Vuto lake, chishalocho sichikwezedwa kapena kutsitsidwa kwambiri, ndiye felemu iyenera kugwirizana ndi msinkhu wako. Ukagula ya munthu wamtali kuposa iwe, wataya ndalama. Kukwera ndi kutsika nakonso kumafuna kuzolowera.

Alex Moulton yemwe anatulutsa yake mu 1962 ku Bradford-on-Avon, nkhondo yake inali ndi mateyala akuluakulu. Anaika ang'ono a mainchesi 16 opopedwa kwambiri, ndipo kuti munthu asamve kugunda kwa msewu anaika mphira kutsogolo ndi kumbuyo. Luso la mphiralo anali nalo kale, poti ndi iye anakonza zomeza mabampu za galimoto ya Mini. Felemu yake ndi mpaipi umodzi wonenepa wodutsa m'munsi, moti mayi, bambo kapena wachinyamata angakwere njinga imodzi yomweyo, kungosuntha chishalo. Kaliyala ili pansi, katundu sakupendamitsa. Amene ankaiseka kuti n'choseweretsa anakhala chete mu 1962 momwemo, katswiri wa mpikisano wa njinga John Woodburn atathamanga nayo kuchoka ku Cardiff kukafika ku London mwachangu kuposa onse a m'mbuyo mwake. Kampani ya Raleigh inagula bizinesiyo mu 1967. Koma musaitengere kumudzi: timateyalato mumchenga timazama, m'maenje timagwera tonse.

Pa nkhani ya chikondi, okonda njinga ya Pedersen sapikisanidwa. Mwini wake anamwalira ali mmphawi ku Denmark mu 1929, koma mu 1995 okonda njingazi anasonkha ndalama n'kukaika mafupa ake ku Dursley. Mu 1978 Jesper Sølling anali atayambiranso kuzipanga ku Christiania mumzinda wa Copenhagen, ndiye zambiri mukuziona pamsewu lero n'zam'badwo umenewo. Zenizeni za ku Dursley n'zosowa, zodula, ndipo zikathyoka wowotcherera wamba asazikhudze. Okonda Moulton nawo ali ndi kalabu yawo, amakumana chaka ndi chaka ku Bradford-on-Avon, ndipo amathandizana kupeza masipeya.

Ine ndikanakhala ndi ndalama ya njinga imodzi, ndikanatenga Moulton ya m'ma 1960. Pedersen ndi yoyendera Lamlungu masana anthu n'kumakuimitsa kuti aijambule, pomwe Moulton umapita nayo kuntchito ndi kumsika. Mateyala a Moulton zambiri ndi ofanana kukula ndi a njinga zopinda za Brompton, sungawasowe. Musanalipire, itembenuzeni muyang'ane foloko yakumbuyo, chifukwa zoyambirirazo zinkakonda kung'aluka pamenepo, ndipo mufinye mphira muone ngati sinaume.