Madzi a boila apite kuti: paipi ya m'nyumba, ya panja kapena pampu?

Abale anzanga a kuno ku UK, amene munalipo kumapeto kwa February 2018 nthawi ya chisanu chija ankachitcha Beast from the East mukukumbuka mmene maboila, makina otenthetsa nyumba ndi madzi aja, anazimira. Ife tinali m'nyumba ya lendi ku Leeds, mwana ali wakhanda, boila inangoyamba kulira ngati munthu akuchukucha mkamwa kenako basi zii, masiku awiri tikugona ndi majekete. Injiniya atabwera anangozungulira kuseri kwa nyumba n'kuthira madzi ofunda pa kapaipi koyera kapulasitiki kotsika pakhoma, kukanikiza reset, moto n'kuyaka. Kuyambira pamenepo kapaipi kameneka ndimakayang'ana m'nyumba iliyonse ndisanasaine.

Nkhani yake ndi iyi, kuyambira April 2005 boila yatsopano ya gasi ku England ndi Wales imayenera kukhala ya condensing. Imafinya kutentha kwa utsi mpaka nthunzi imasanduka madzi, ndiye madziwo amatha kufika malita awiri pa ola ikamagwira ntchito kwambiri. Ali ndi asidi pang'ono, n'chifukwa chake paipi yake imakhala yapulasitiki, ya kopa imadyeka. Akapanda kutuluka amabwerera m'boila ndipo iyo imadzizimitsa yokha.

Ya m'nyumba kwa ine ndiye mfumu. Paipi yaing'ono ija ya 22mm imachoka pa boila n'kukalowa mu paipi ya sinki ya kukhitchini, ya mashini ochapira kapena paipi yaikulu ya kuchimbudzi, yonse ili mkati momwe mukutentha, ndiye chisanu chikaipeze kuti? Chofunika ikhale yotsetsereka njira yonse, pafupifupi 45mm pa mita iliyonse, komanso pakhale trap yoti fungo la m'dreni lisabwerere. Vuto lake nthawi zina pamafunika kuzula matabwa a pansi kapena kuboola makabati, ntchito imachuluka, ndalama imakwerako, ndipo pamenepa ndi pamene oika maboila ena amakuuzani kuti bwana tingoitulutsa panja sizivuta. Funsani kawiri. Komanso sinki ikatsekeka ndi mafuta ndi makoko a nsima boila nayo imavutika, ndiye amene timatsukira miphika mu sinki yomweyo tisamale ndithu.

Ya panja ndiyo yachangu komanso yotchipa, kuboola khoma n'kutsitsira mu dreni basi, koma ndi yomweyi inatigoneka m'majekete. Sikuti ndi yoletsedwa ayi. Kungoti ikatuluka panja iyenera kukula, 32mm kapena kuposa, isapitirire mamita atatu, isakhale ndi makona ambiri, ndipo ivekedwe chofunda chosamwa madzi. Chinkhupule chotuwa chija cha mapaipi a m'nyumba chikanyowa ndi mvula palibe chimene chimathandiza. Yathu ija inali yaing'ono, yosavala kanthu, yogona pafupifupi chopingasa, madzi ankadontha pang'onopang'ono n'kumaundana pakamwa pake. Ena amakulungako kawaya kamagetsi kotenthetsa paipi, kamathandiza koma ndi chinthu chinanso choti chidzawonongeke inu osadziwa. Kumene kulibe dreni amakumba kadzenje kotalikirana ndi khoma theka la mita n'kuthiramo miyala ya laimu yochepetsa asidi uja, zimenezi ine ndimaziona ngati za pamene zina zonse zakanika.

Nanga pampu? Iyi ndi ya amene boila ili pansi mu cellar kapena kutali ndi sinki. Kabokosi kakang'ono kamasunga madzi, akadzaza kamawakankhira m'mwamba kudzera mu kachubu kopyapyala mpaka pa paipi ya m'nyumba. Imalira pang'ono, imafuna magetsi, imafuna kutsukidwa pa sevisi, ndipo muwauze oikawo ailumikize moti ikafa boila izime m'malo mosefukira pansi. Komabe mukandifunsa pakati pa pampu ndi paipi yaitali ya panja, ine pampu tsiku lililonse.

Za utsi nazo pang'ono. Flue, yomwe ndi paipi yotulutsira utsi, ikakhala yotulukira pakhoma ndi yotchipa ndipo injiniya amaiona mosavuta, koma mu nyengo yozizira imatulutsa chinthunzi choyera chomwe chimakwiyitsa aneba ndi kunyowetsa khoma, ndiye isakhale pafupi ndi windo lotsegula, kawirikawiri amafuna 300mm kapena kuposa malinga ndi buku la boilayo. Ilipo plume kit yokwezera nthunziyo m'mwamba. Yotulukira padenga imachotsa mkangano wa aneba koma ndi yodula, ndipo polumikizira pake mu loft payenera kuoneka poyendera. Flue ya maboila a condensing amenewa imapendekera pang'ono kubwerera ku boila kuti madzi atsikire mu trap, mukaona ikudontheza panja kapena khoma lada pozungulira pake itanani munthu.

Ndipo munthuyo akhale wa Gas Safe, kaundula wa anthu ololedwa ndi lamulo kugwira ntchito za gasi, muone khadi lake kutsogolo ndi kuseri, osati m'bale wathu wa kutchalitchi amene amadziwa zokonzakonza. Chimene mungachite nokha ndi kusungunula paipi ya panja ndi madzi ofunda, osati owira chifukwa pulasitiki imang'aluka, komanso osakwera makwerero pansi pali poterera. Flue komanso mkati mwa boila musakhudze, carbon monoxide sanunkha ndipo amapha anthu ali mtulo. A lendi, landilodi akuyenera kuyendetsa cheke cha gasi chaka chilichonse n'kukupatsani pepala lake, ndipo ku England kuyambira October 2022 akuyeneranso kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda momwe muli boila. Ikalira kapena mukamva fungo la gasi tsegulani mawindo, tulukani, imbani nambala ya ngozi za gasi, 0800 111 999.